Beseni Linadumpha Geti Lathu

Nyumba yathu ya ku Area 25 tinaigula ndi mantha. Ine ndine munthu wa nkhawa chibadwire, ndipo zaka zonse zimene tinakhala ya lendi ku Kawale ndinamva nkhani zokwanira kundisowetsa mtendere. Wina anagula nyumba imene inali itagulitsidwa kale kwa munthu wina. Wina analowa m'nyumba chilimwe n'kudzazindikira mvula itagwa kuti ili pa njira ya madzi. Wina anangoona ana a mwini nyumba atulukira kuchokera ku Joni, akuti bambo athu analibe mphamvu yogulitsa. Choncho dobadoba atationetsa nyumbayi ndinamuvutitsa mpaka anayamba kuzimitsa foni akaona nambala yanga. Mapepala ndinayenda nawo m'maofesi ndekha. Ndinagogoda makoma, ndinasuzumira m'chimbudzi, ndinakwera pampando kuyang'ana ngati malata akudontha. Amuna anga, amene amagwira ntchito ya fodya ku Kanengo, ankangoseka n'kumati ndikanakhala wapolisi akuba onse akanasamuka mu Lilongwe.

Nyumbayo inali yabwino, tisanamizane. Zipinda zokwanira, thanki ya madzi pansanja yachitsulo kuseri, mpanda wautali wanjerwa wokhala ndi mabotolo osweka pamwamba, ndi geti lakuda lachitsulo lokhala ndi kachitseko kolowera anthu. Mtengo wake unali wofewa kuposa nyumba zina zimene tinaona, ndipo mwini wake anali ndi changu chosamuka. Ndinafunsa chifukwa chake, dobadoba n'kuyankha kuti bwanayo akuntchito amusamutsira ku Blantyre. Ndinafunsa za malire, za akuba, za magetsi. Za anthu oyandikana nawo sindinafunse, chifukwa ku Kawale anthu oyandikana nawo suchita kuwafunafuna, umangowapeza ali pakhomo pako akupempha mchere.

Titangosamuka ndinakatenga amayi anga kumudzi ku Thyolo. Kunena zoona, nyumbayi tinaithamangira chifukwa cha iwo. Mtima wawo unali utayamba kufooka, miyendo ikutupa, ndipo madokotala a pachipatala chachikulu ankafuna kumawaona pafupipafupi. Ku Kawale kunalibe powagoneka. Tinawapatsa chipinda cha kutsogolo, chimene zenera lake limayang'ana kumsewu, koma ukasuzumira pazeneralo umangoona njerwa za mpanda basi. Tsiku loyamba lomwelo anati, "Apongozi agula ndende yabwino, ya matailosi." Poti panalibe choona, anayamba kuudziwa msewu wathu ndi makutu. Ankazindikira njinga ya wogulitsa makala, chifuwa cha mkulu wina wodutsa m'mawa uliwonse, ndi kalilidwe ka geti la nyumba iliyonse.

Choncho ndi iwo amene anayamba kuzindikira. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito, ku sitolo ya zitsulo m'tauni kumene ndimakhala pa kauntala, ndinapeza masamba atayalidwa pakona ya msewu wathu, kusonyeza kuti kwagwa maliro. Amayi anandiitana ndisanavule ndi nsapato zomwe.

"Pamsewu pano pagwa zovuta."

"Masamba ndawaona, amayi."

"Beseni ladutsa m'mawa."

Maliro akagwa, amayi ena amayenda khomo ndi khomo ndi beseni, kusonkhetsa ufa wodyetsa anthu pa siwa. Ku Kawale beseni linkafikira kwa alandilodi, iwo n'kutigogodera ife a lendi kuti tithiremo kambale kathu, ndipo akapita kumaliro ankaimira tonse a mumpanda mwawo. Ine ndinali ndisanaganizepo kuti beseni likhoza kusankha makomo.

"Agogoda kwa a kumtundawa, ndamva," anatero amayi. "Agogoda kwa a kumunsiwa, ndamvanso. Pano ayi. Mapazi ndawamva akudutsa pageti, sanaime n'komwe."

"Mwina akuganiza kuti muno mulibe anthu. Paja ndife achilendo."

"Iwe, kachitseko kameneka kamalira m'mawa ndi madzulo ngati belu la kutchalitchi. Ndani asakudziwa kuti muno muli anthu?"

Ndinaseka kuti nkhani ithe. Patapita milungu ingapo kunagwanso maliro ena, kuseri kwa chigayo. Ulendo uno ndinati ndisadikire kudumphidwa. Ndinaika ndalama mu envulopu, ndipo m'mawa ndikuthamangira minibasi ndinakumana nalo beseni lija pamsewu. Analisenza mayi wina wamtali, wa duku loyera, amene ndinali nditamva kuti kwawo ndi ku Rumphi ndipo ndi mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo. Anali ndi mnzawo wina pambuyo. Ndinawathamangira, chikwama chikundimenya m'chiuno.

"Pepani amayi, ine ndine wa nyumba ya geti lakudayo. Zovutazi ndamva. Kangachepe aka."

Anayang'ana envulopuyo, n'kuyang'ana nsapato zanga za gogoda.

"Mukupita kuntchito, amama?"

"Eya, ndachedwa kale."

"Pitani, mungachedwe. Chipepeso amapereka pa siwa, munthu atakhala pansi. Ine ndasenza ufa."

Kenako anatembenukira mnzawo uja, ndipo sanatsitse n'komwe mawu: "Nyumba ija yayambanso maenvulopu."

Tsiku limenelo ndinasokoneza misomali ndi zomangira malata kangapo konse, mpaka abwana anandifunsa ngati ndikudwala. Madzulo ndinaima pa benchi ya mayi wogulitsa tomato pakona, ndinagula tomato amene sindinkamufuna, ndi anyezi, ndi mafuta a m'kapepala, mpaka pakamwa pake panatseguka.

Bwana amene anatigulitsa nyumba uja, anatero mayiyo, anakhala pamsewupo zaka zambiri osapondako pa maliro a munthu. Beseni likagogoda, mlonda ankatsegula kachitseko n'kutulutsa dzanja lokha ndi envulopu. Galimoto yake inkaponda masamba osachepetsa liwiro, wailesi ili pamwamba. Anthu anamulankhula, anatopa naye, kenako anangogwirizana kuti geti limenelo lisamagogodedwenso. Ndiye mkazi wake anamwalira. Anakhoma tenti yaikulu, anabwereka mipando ya pulasitiki n'kuindandalika mizeremizere, ndipo anthu a pamsewupo anasonkha ndalama n'kumutumizira envulopu imodzi kudzera mwa mlonda yemwe uja. Ophika anachita kukawalemba ganyu ku Mgona. Oimba kunalibe, anangoika nyimbo pa sipika.

"Mipando ija inangokhala yokha, mayi, dzuwa likuiwotcha. Za Blantyre zakuntchitozo ndi bodza. Anachoka ndi manyazi."

"Koma ife si iyeyo ayi."

"Ee, inu si iyeyo. Koma geti ndi lomwelo, envulopunso ndi yomweyo."

Ndinafika kunyumba n'kutula tomato uja. Ndinawafotokozera amuna anga kukhitchini, monong'ona, kuti amayi asamve. Iwo ndi munthu wosachedwa kupeza yankho. Anati ndisadzidwalitse, kuntchito kwawo ali pa ndondomeko ya maliro ndipo apongozi anawalembetsa. Bokosi lidzabwera, galimoto idzabwera mpaka ku Thyolo, palibe chimene tidzapemphe kwa munthu.

Tinali titaiwala makutu aja. Mawu anachokera kuchipinda cha kutsogolo, ofooka koma omveka bwino.

"Apongozi, bokosi lanulo limaimba?"

Tinalowa m'chipindamo, tinawapeza atatsamira mapilo, chifukwa kugona chagada anali atasiya kalekale, mpweya unkawathera.

"Ine kufa sindikuopa, ndatopa nayo miyendoyi," anatero. "Koma ndisadzatuluke muno ngati katundu wa kusitolo kwanuko. Abale akadzabwera kudzanditenga adzapeze anthu pakhomo. Asadzapite kukanena kumudzi kuti mwana wanga ali ndi matailosi koma alibe anthu."

Kuyambira pamenepo ndinalibenso mtendere. Ndinayamba kupereka moni kwa aliyense pamsewu, ngakhale kwa ana, mpaka ena ankacheuka kuona ngati ndikulankhula ndi wina. Ankayankha bwinobwino, mwaulemu, moni wake uja wopatsa munthu wa pa depoti. Kachitseko ndinkakasiya kotsegula, amuna anga n'kumakatseka poopa akuba, ine n'kukatsegulanso, ndipo tinakangana kangapo chifukwa cha kachitsulo kameneko. Lamulungu lina masana ndinalimba mtima n'kupita kwa mayi a ku Rumphi aja. Anandiyalira mkeka, anandipatsa thobwa lozizira, ndipo ndinafotokoza zonse, kuti ndife anthu a lendi amene sitinkadziwa, kuti za bwana uja sitinauzidwe, kuti m'nyumba muli wodwala. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Tamva, amama," anatero. "Tidzaona."

Ndinazindikira ndikubwerera kuti nkhaniyi siidzatha ndi pakamwa. Bwana uja nayenso ankadziwa kulankhula. Chimene anthuwo ankafuna kuona chinkaoneka pa maliro pokha, ndipo maliro sachita kuitanitsa. Ndiye ndinapezeka ine, mayi wopemphera, ndikudikira kuti wina amwalire. Ndikatsika minibasi maso ankathamangira pakona kufuna masamba, ndipo ndikapanda kuwaona mtima unkagwa m'malo mothokoza Mulungu. Mkulu wa chifuwa uja akamadutsa ndinkatchera khutu kumva ngati chakula. Ndinkadzida nazo zimenezi, koma sindinkatha kusiya.

Uku amayi akunka nafooka. Anawagoneka kuchipatala masiku angapo, anawatulutsa, miyendo inaphwa pang'ono n'kuyambanso kutupa. M'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo pa chipinda chawo ndisanalowe, kumvetsera ngati akupuma. Funso linali limodzi lokha, ndipo sindikanatha kulifunsa kwa munthu aliyense: adzayambe ndani, wa pamsewu kapena wa m'nyumba muno? Ndikaganiza za mipando ya pulasitiki ija ili mizeremizere pabwalo pathu, chakudya ndinkangochisiya m'mbale.

Masamba anadzayalidwa nyengo yotentha ija mvula isanagwe, mipopi ya dera lonse itauma kwa masiku. Sanali mkulu wa chifuwa uja, iye mpaka lero akutsokomolabe. Anali telala wina wachikulire wa msewu wakuseri, amene anangogwa ali pa makina ake. Ndinaimbira abwana kuti kwagwa maliro kwathu ndipo sindibwera mpaka titaika. Anafunsa kuti ndi ndani wanga, ndinati ndi wa pamsewu pathu, ndipo ndinadula foni asanayambe kudandaula. Ndinamanga chitenje ndi duku, ndinathira ufa m'kandowa, ndinagula mtolo wa nkhuni pakona n'kuusenza pamutu. Ndinali nditasiya kusenza kuyambira ndili mtsikana ku Thyolo, ndipo khosi linandikumbutsa zimenezo njira yonse.

Nditafika, amayi a kuseri kophikira anayamba atonthola kaye. Ndinatula nkhuni, ndinalowa m'nyumba chogwada kukapepesa anamfedwa, ndinatuluka n'kukhala pansi. Palibe anandithamangitsa, komanso palibe anandipatsa ntchito. Amene anakhalapo pa maliro akudziwa kuti palibe chowawa ngati chimenecho. Anzako akusenda, akutsuka, akutumana, akunyozana mwachibale, iwe manja ali pamiyendo ngati mlendo wa boma. Ndikati ndigwire mpeni, wina anali atautola kale. Ndinakhala choncho kufupi ndi dzenje la zinyalala, ntchentche zikundizungulira, mpaka dzuwa linafika pamutu.

Kenako madzi anatha. Migolo inali gwaa, mbale zili mulu, ndipo amene anapita kuchitsime cha kudambo anabwera ndi ndowa zosadzaza za madzi amatope, akuti mzere wake ndi wosayamba. Ndinamva akudandaula. M'thanki yathu munali madzi. Koma ndinaopa kuti ndikatchula adzati nyumba ija yasiya maenvulopu, tsopano ikudzionetsera ndi thanki. Ndinalimbana nazo kanthawi, kenako ndinakwawira pamene panali mayi a ku Rumphi n'kuwanong'oneza.

"Amayi, kwathu m'thanki muli madzi."

Anatembenuka n'kundifunsa:

"Atipatsira mlonda pa kachitseko?"

"Mlonda tilibe. Nditsegula geti lonse."

"Nyamulani ndowa iyo, mutsogole."

Geti lalikulu tinali tisanalitsegulepo chilowereni, poti galimoto tilibe. Chitsulo chake chapansi chinali chitachita dzimbiri, ndipo ndinachita kuchimenya ndi mwala, amayi onse aja ataima kumbuyo kwanga ndi ndowa zawo, osandithandiza, osalankhula. Chitagonja, geti linalira ngati likupwetekedwa. Analowa mmodzimmodzi, maso akuyendayenda. Ena anali atakhala pamsewupo kuyambira ali atsikana osaonapo mkati mwa mpandawo, ndipo ndinamva wina akunong'ona kuti, "Kani muli mtengo wa mapeyala muno?"

Sindikudziwa kuti amayi anatuluka bwanji. Munthu amene kupita kubafa ankachita kugwiriziridwa, tinamupeza ali pakhonde, atakhala pansi, miyendo yotupa ija itatambasulidwa, duku atamanga mopendekeka. Ankapuma movutika, koma aliyense wodutsa ndi ndowa ankamupatsa moni.

"Takulandirani, takulandirani. Muione bwino njirayi, chifukwa mubweranso posachedwa. Ine ndi amene mudzandiimbire."

Manyazi anandigwira osasimbika. Ena anaseka, ena anati, "Aa, agogo, musatero." Mayi a ku Rumphi sanaseke. Anatula ndowa, anagwada, anawagwira dzanja ndi manja awiri, n'kuyang'ana miyendo ija.

"Mwadwala nthawi yaitali, agogo?"

"Kuyambira ndisanalowe m'ndende muno."

Za beseni sanatchule, inenso sindinafunse. Ndinasenza madzi tsiku lonselo ndi lotsatira lake, ndinatsuka mbale mpaka zala zinachita makwinya, ndinagona pa siwa pomwepo, ndipo tsiku loika ndinakwera lole ndi anzanga kupita kumanda. Thanki inatheratu. Amuna anga anasamba madzi a m'kapu masiku angapo, akung'ung'udza chapansipansi kuti apongozi asamve.

Maliro atatha palibe anabwera kudzanena kuti nkhani yatha. Moni unatalikirako pang'ono, wina anandifunsa za agogo pa chigayo, basi. Ine ndi mtima wangawu ndinayambanso kudzizunza. Mwina ankangofuna madzi. Mwina geti lotsegula tsiku limodzi silingafafanize zaka zonse za bwana uja. Mvula inagwa, anthu anadzala chimanga m'mbali mwa misewu, ndipo amayi anasiya kutuluka m'chipinda.

Loweruka lina m'mawa ndinali kuwasisita mapazi ndi mafuta. Dzulo lake ndinali nditaona masamba kumtunda, mwana wa mphunzitsi wina anali atamwalira kuchipatala. Amayi anali atatsinzina, ndimayesa agona, koma mwadzidzidzi anakweza chala.

"Tamvera."

Kugogoda kwa a kumtunda. Geti lawo linalira, mawu a amayi a beseni anamveka, geti linatsekeka. Kenako mapazi, akubwera chakuno. Ndinasiya kusisita. Mapazi anafika pa mpanda wathu, n'kuti zii. Ndinawayang'ana amayi, iwo akuyang'ana kudenga, pakamwa pali pululu, ndipo ndikukhulupirira kuti tonse awiri sitinkapuma.

Ngo, ngo, ngo.

"Odi kuno! Ufa wa maliro!"

Ndinathamanga opanda nsapato, manja ali noninoni ndi mafuta. Ndili pakati pa bwalo ndinazindikira kuti ndikumwetulira, pamene kwafa mwana wa munthu, ndipo ndinachita kuima kaye kukonza nkhope. Kumbuyo kwanga amayi ankakuwa ndi timawu tawo totsalato: "Woyera uja, osati mgaiwa! Udzaze mbale!"

Ndinatsegula. Anali mayi a ku Rumphi, beseni lili pamutu. Analitula, ndinathira ufa mpaka wina unatayikira pansi.

"Agogo adzuka bwanji?"

"Adzuka pang'ono."

"Muwapatse moni. Inu mukamaliza kuwasamalira mubwere ndi mpeni wanu, kuli kabichi wambiri."

Nditabwerera m'chipinda, amayi anandifunsa ngati mbale inadzaza. Ndinati inasefukira. Anati chabwino, n'kundiuza kuti ndiwachapire chitenje chawo cha kutchalitchi, ndichisite, ndichiike pamwamba m'sutikesi.

Anatisiya chimanga cha m'mbali mwa msewu chisanamasule. M'mawa wake ndinali pansi m'balaza, mipando itatulutsidwa, amuna anga atatsegula geti lonse mbali zonse ziwiri. Ndinamva kugogoda kwa a kumtunda. Ndinamva mapazi akudutsa pakhomo pathu osaima, kenako kugogoda kwa a kumunsi, ndi kwina, ndi kwina, mpaka kunazilala. Nyumba ya anamfedwa sapemphako ufa, ndinkadziwa, komabe maso anga anali pa mipando ya pulasitiki imene akuntchito kwa amuna anga anali atabweretsa.

Nyimbo inayambira pakona, pa benchi ya tomato. Inkabwera pang'onopang'ono, ikukula, ndipo pamene inkalowa pageti ndinaona beseni lija patsogolo, lodzaza mpaka ufa kuchita phiri, amayi a msewu wonse ali pambuyo pake ndi nkhuni pamutu. Abale a ku Thyolo atafika masana anasowa pokhala.